Yang'anani Mawaipa Mvula Isanagwe

Madalaivala a ku Twapia mu Ndola, makamaka a mabasi ang'onoang'ono ndi matekisi, ayenera kudziwa kuti cimene cimaononga mawaipa si mvula ai, koma dzuwa la mwezi wa October. Mphira umauma ndi kung'aluka mwakacetecete, ndipo mwini galimoto amadzazindikira mu November, cimvula citampeza pa mseu wa Ndola ndi Kitwe, malole opita ku Kasumbalesa akumthira matope pagalasi. Pamenepo miyoyo ya anthu onse amene wanyamula iri m'manja mwa kamphira kakufa.

Pokagula atsopano, tengani akalewo kusitolo. Utali wace amaupima m'mainci, ndipo pa magalimoto ambiri waipa ya mbali ya dalaivala ndi yaitali kuposa inzace. Wogulitsa akakupatsani ziwiri zofanana, yambani mwafunsa. Onaninso pokolekera. Magalimoto ambiri ocokera ku Japan ali ndi mkono wopindika ngati mbedza.

Koma cacikuru ndi mphira. Upindeni ndi cala: wabwino ndi wofewa ndipo umabwerera msanga. Wouma umalira pagalasi ndi kusiya mizere, imene usiku imamwaza kuwala kwa nyali za magalimoto obwera kutsogolo. Ukatheratu, citsulo cimakanda galasi, ndipo mtengo wa galasi suyandikana ndi wa mawaipa. Kusintha mphira wokha nkololeka ngati citsulo cikali cowongoka.

A RTSA nawonso amayang'ana mawaipa poyesa galimoto. Nyengo ya fumbi, musawayendetse pagalasi louma. Thirani madzi coyamba.