Manda a Msilikali Amafunsidwa ku Mapepala

Kwathu, wofuna kudziwa pamene anagona agogo ake amapita kwa amfumu kapena kwa akuluakulu a pamudzi. Kuno ku America amafunsa mapepala, makamaka ngati kholo lake linamenya nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 ya pakati pa akumpoto ndi akumwera, imene inapha asilikali oposa 600,000.

Poyambira ndi dzina. Bungwe la National Park Service lili ndi mndandanda pa intaneti wa mayina oposa 6 miliyoni, wosonyeza gulu la nkhondo limene munthu anali. Ukadziwa gululo, umaitanitsa faelo yake ku National Archives ku Washington. Ngati anaikidwa m'manda a boma, unduna woona za asilikali opuma umakuuza dzina la mandawo ndi nambala ya mwala wake.

Koma ambiri mwala wawo ulibe dzina. Masiku amenewo boma silinkapereka zizindikiro zovala m'khosi, ndipo pamene linafukula mitembo yoposa 300,000 ya asilikali akumpoto kuti aiikenso mwaulemu, pafupifupi theka sanadziwike. Ku manda a ku Vicksburg kunagona asilikali 17,000, koma pafupifupi 13,000 ndi osadziwika. Ku ndende ya Andersonville zinasiyana chifukwa cha mkaidi mmodzi, Dorence Atwater, amene ankakopera mobisa mayina a anzake omwalira. Mwa anthu pafupifupi 13,000 amene anafera kumeneko, osadziwika ndi 460 okha. Asilikali akumwera boma silinawatolere. Anawasonkhanitsa ndi magulu a amayi, choncho zolemba zawo n'zomwazika m'matauni.

Chimene chimandikhudza mtima kwambiri ndi faelo ya penshoni. Mayi wamasiye ankayenera kupereka umboni wa ukwati, tsiku ndi malo amene mwamuna wake anamwalirira, ndi mayina a ana. Kwa zidzukulu za akuda pafupifupi 180,000 amene anamenya nawo kumbali ya kumpoto, faeloyi ndi chuma. Kalembera wa boma sanalembe akapolo ndi mayina awo. Anayamba kuwatchula mu 1870 atamasulidwa. Ukwati wawonso lamulo silinkauzindikira, ndiye mayiyo ankabweretsa mboni zofotokoza munda umene ankagwira ukapolo, mwini wake, ndi amene anawakwatitsa. Mboni zina zinkatchulanso pamene malemuyo anaikidwa, ndipo mdzukulu wa lero akawerenga mawu amenewo amadziwa kolowera ngakhale mandawo alibe mwala.