Mchenga wa pa doko la Beira ndi mtengo wa feteleza pa Nsaru

Aliyense amene anagulapo feteleza wobereketsa mu Januwale pa Nsaru, pa Kabudula kapena pa Namitete anamvapo mawu akuti sitima yachedwa. Wogulitsa amawanena uku akukweza mtengo, wogula n'kumachoka akung'ung'udza kuti ndi bodza la amalonda. Sabata ino tiyeni tiilondole sitimayo, tione pamene imachedwa, chimene chimaichedwetsa, ndi ndalama zimene kuchedwako kuyenera kuwonjezera pa thumba.

Dziko lathu lilibe nyanja ya mchere. Feteleza, dizilo, petulo ndi tirigu zimatsikira pa madoko a eni ake: Beira ndi Nacala ku Mozambique, Dar es Salaam ku Tanzania ndi Durban ku South Africa. Kuchoka ku Beira kufika ku Lilongwe, kudzera ku Tete ndi pa chipata cha Dedza, ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 1,000, pamene wochokera ku Dar es Salaam umaposa 1,500. N'chifukwa chake katundu wathu wambiri amadzera ku Beira, ndipo fodya wambiri wogulidwa ku Kanengo amatulukiranso komweko.

Vuto la Beira ndi malo amene dokoli linamangidwa. Lili pamene mtsinje wa Pungwe umathirira m'nyanja, ndipo chapafupi pomwepo mtsinje wa Buzi nawo umathira madzi ake. Mitsinje iwiriyi imabwera ndi matope ochokera m'minda ndi m'mapiri a kumtunda, mafunde nawo amakankha mchenga. Sitima zikuluzikulu sizingangolowa paliponse. Zimatsata ngalande imodzi yokumbidwa pansi pa nyanja, yotchedwa Macuti. Mlimi wa ku dimba akudziwa chimene chimachitika ndi ngalande yothirira ikakhala chaka osaipala: imadzaza, madzi osayendanso. Ngalande ya Macuti imadzaza chimodzimodzi, koma m'malo mwa khasu ndi fosholo pamafunika zombo zapadera zokhala ndi mapaipi akuluakulu, zimene zimayamwa mchenga pansi pa madzi n'kukautaya kwina. Boma la Mozambique lili ndi kampani yake ya ntchito imeneyi, dzina lake Emodraga.

Ntchitoyi ikatsalira m'mbuyo, sitima yodzaza singalowe. Imayembekezera kuti madzi akwere, poti nyanja ya mchere imakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo pa Beira kusiyana kwake nthawi zina kumaposa mamita 6. Apo ayi imabwera itanyamula katundu woperewera kuti isakhudze pansi, koma mwini sitima amalipiritsabe ulendo wonse. Zinafika poipa m'zaka za m'ma 2000, mpaka mu 2010 ndi 2011 anachita kuitana kampani ya ku Netherlands, ya Van Oord, kuti ikumbe mwachangu n'kubwezera ngalandeyo pa kuya kwa mamita 8. Kampani yomweyo inabweranso mu 2017 ndi 2018. Mchenga supuma, ndiye kukumbaku kulibe tsiku lomaliza.

Tsono pamwamba pa zimenezi pamabwera namondwe. Usiku wa pa 14 Marichi 2019, namondwe wa Idai anagwera pa Beira penipeni, ndipo anthu oposa 1,000 anafa ku Mozambique, ku Zimbabwe ndi kuno kwathu. Dokolo linayambiranso ntchito patangopita masiku ochepa, koma msewu waukulu wochoka mu mzindawo kulowera ku Chimoio, umene mathiraki obwera kuno amayambira ulendo, unaduka kwa masiku oposa sabata. Mu Januwale 2021 namondwe wa Eloise anagweranso chapafupi ndi Beira. Ana anabwera mu Januwale 2022 n'kuwononga malo opangira magetsi a Kapichira, Gombe anatsatira mu Marichi chaka chomwecho, ndipo Freddy wa mu Marichi 2023 tonse tikumukumbukira. Taonani miyezi yake: Januwale mpaka Marichi, nthawi imene chimanga chathu chili m'munda.

Namondwe akamayandikira, zombo zokumba zimasiya ntchito n'kukabisala, sitima zonyamula katundu zimatalikira, ndipo kutsitsa kumaima. Feteleza wambiri amabwera wosapakira m'matumba, amachita kumupakira pa doko, ndiye ngakhale mvula wamba imatseketsa zivundikiro za sitima, chifukwa yuliya akanyowa ndiye kuti wapita. Namondwe akadutsa, mitsinje yosefukira imakhuthulira matope ena m'ngalande muja, ndipo akatswiri amayenera kuyezanso kuya kwake sitima zazikulu zisanaloledwe kulowa. Panthawiyi kunja kwa doko kumakhala kutapangika mzere.

Palinso nkhani ya gombe. Mzinda wa Beira uli pa malo otsika kwambiri, ndipo chimene chimautchinjiriza ku nyanja ndi mchenga wa m'gombe, milu yake ndi makoma akalekale. Ku Praia Nova ndi ku Macuti nyanja yakhala ikudya gombe kwa zaka zambiri, nyumba zina n'kugwera m'madzi. Chichokereni Idai, boma la Mozambique mothandizidwa ndi World Bank, dziko la Netherlands ndi la Germany lili ndi ntchito yoteteza gombeli, ndipo mbali ina ya ntchitoyo ndi kuthiranso mchenga pamene nyanja inakokolola. Mchenga umene ukusautsa m'ngalande ndi umene ukusowa pa gombe. Wa golosale pa Nambuma angafunse kuti gombe la eni ake likumukhudza bwanji. Nyumba zosungira katundu, misewu yolowera ku doko ndi makomo a anthu onyamula matumba zili mu mzinda womwewo. Mzinda ukamira, doko lingakhale lakuya chotani, thumba silituluka.

Tsopano tiwerengere limodzi, poti apa ndi pamene ambiri timapusitsidwa. Sitima yonyamula matani 30,000 a feteleza ili ndi matumba 600,000 a makilogalamu 50, katundu wokwana mathiraki 1,000 a matani 30. Sitima ikakhala pa mzere kupitirira masiku amene anagwirizana, mwini katundu amalipira chindapusa cha tsiku ndi tsiku. Tingoyerekeza kuti chindapusacho ndi madola 20,000 pa tsiku, ndipo sitima yadikira masiku 10. Ndalama zonse ndi madola 200,000. Mukagawa pa matumba 600,000, thumba lililonse lasenza masenti 33 a dola, gawo limodzi mwa magawo atatu a dola imodzi. Sinthani nokha pa mtengo wa ku banki kapena wa pa msewu, muona kuti ndi kachigawo kakang'ono chabe ka mtengo wa thumba.

Ndiye wogulitsa akakuuzani kuti wawonjezera masauzande ambirimbiri pa thumba chifukwa sitima yalipira chindapusa, masamu ake sakugwira. Chimene chimakweza mtengo ndi kusowa kwa katundu. Yuliya amafunika patatha masabata atatu chimanga chitamera, ndipo kuno kwathu nthawi imeneyo imagwa kumapeto kwa Disembala kapena mu Januwale. Chimanga sichidikira sitima. Katundu akachedwa masabata awiri, alimi onse a dera limodzi amathamangira matumba ochepa amene atsala m'mashopu, ndipo amene ali nawo amatchula mtengo umene akufuna. Ine sindiwada amalonda pa zimenezi, poti amene anaoda msanga anaika mpamba wake pa chiswe kwa miyezi ingapo. Koma tizitchula chinthu ndi dzina lake.

Tisaiwalenso kuti mchenga wa ku Beira ndi mwana poyerekeza ndi vuto la ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zimenezi zinakweza mtengo wa feteleza kuposa namondwe aliyense. Nthawi zina katundu amakhala atafika kale pa doko, akungodikira kuti mwini wake apeze madola omuwombolera. Choipa n'chakuti mavuto awiriwa amagwirizana: madola akachedwa kupezeka mu Ogasiti ndi Seputembala, sitima imene ikanafika nyengo ili bwino imafika mu nyengo ya anamondwe.

Doko la Nacala lilibe vuto la mchenga, chifukwa ndi lakuya mwachilengedwe, ndipo linatsegulidwanso litakonzedwa mu Okutobala 2023 pamaso pa atsogoleri a Mozambique, Malawi ndi Zambia. Njanji yake imalowa kuno pa Nayuchi, kudzera ku Liwonde ndi ku Salima mpaka ku Kanengo. Koma nakonso anamondwe amafika, monga Jude amene anagwera m'chigawo cha Nampula mu Marichi 2025, ndipo mlatho umodzi wa njanji ukakokoloka zonse zimaima. Za doko la Nsanje, limene malemu Bingu wa Mutharika anatsegulira mu Okutobala 2010, tisataye nthawi. Bwato loyamba la feteleza linagwidwa ku Mozambique, ndipo ngakhale pakanakhala popanda mkangano, mitsinje ya Shire ndi Zambezi ikanafuna kukumbidwa chaka ndi chaka.

Kwa inu ogulitsa zipangizo za ulimi pa Mpingu, pa Namitete ndi m'misika ina, langizo langa ndi lakuti yuliya wanu akhale ali m'shopu pofika kumapeto kwa Novembala, pamodzi ndi wokulitsa. Amene amakuodetsani ku Lilongwe akakuuzani kuti katundu ali m'njira, musalipire musanafunse kuti ali pati. Katundu amene ali pa nyanja, amene ali pa doko ndi amene wawoloka chipata cha Dedza kapena cha Mwanza ndi zinthu zitatu zosiyana, ndipo pakati pake pangadutse mwezi wathunthu. Muzimveranso wailesi. A nthambi yoona za nyengo akalengeza kuti namondwe wabadwa pa nyanja ya India ndipo akulunjika ku Sofala, chigawo chimene kuli Beira, dziwani kuti masabata awiri kapena atatu akubwerawo dizilo akhoza kuvuta. A zigayo za dizilo ndi a malole onyamula mbewu asadikire kuti aone mzere pa filingi siteshoni.

Alimi amene mwagulitsa soya ndi mtedza pakati pa Epulo ndi Julayi, gulani feteleza nthawi yomweyo ndalama zisanalowe zina, ngakhale thumba limodzi. A m'magulu a banki m'khonde mukhoza kusonkherana n'kuoda pamodzi, mtengo wa galimoto n'kugawana. Kusunga kwake n'kosavuta, koma ambiri amaluzirapo: ikani matumba pa matabwa kapena pa mitengo, asakhudze pansi kapena khoma, m'chipinda chosadontha, ndipo musawamasule kukamwa. Yuliya amakoka chinyezi, akasiyidwa pa simenti amauma ngati mwala.

Katundu akasowa m'pamenenso pamatuluka matumba osokedwa kawiri. Apolisi akhala akugwira anthu osakaniza feteleza ndi mchenga, ndipo mchenga umenewo suchokera ku Beira, ndi wa m'mitsinje yathu yomweyi. Yang'anani ulusi wa pakamwa pa thumba, liyikeni pa sikelo, ndipo funsani lisiti. Ngati mukukayikabe, tapani pang'ono muike m'kapu ya madzi n'kuvundula. Yuliya weniweni amasungunuka yense, mchenga umatsalira pansi.