Ogula galimoto yamagetsi ayambe ayeza batire

LILONGWE: Mabanja ndi maofesi omwe akulingalira zogula galimoto yoyendera magetsi pofuna kuchepetsa ndalama zomwe zimathera ku petulo ndi dizilo akuyenera kudziwa kuti mtunda womwe umalembedwa pa zikalata zotsatsira malonda umasiyana ndi womwe galimotoyo ingayende pamsewu wa m'dziko muno.

Mtunda weniweni umadalira kukula kwa batire, kukalamba kwake, liwiro lomwe dalaivala akuyenda komanso kutentha kwa dera lomwe galimotoyo ikugwira ntchito.

Chitsanzo chabwino pa nkhaniyi ndi Nissan Leaf, galimoto yonyamula anthu asanu yomwe kampani ya Nissan idayamba kugulitsa ku Japan ndi ku America mu Disembala 2010. Pofika chaka cha 2020 kampaniyi inali itapanga galimoto zamtunduwu zokwana 500,000.

Galimotoyi ndi yofunika kuidziwa chifukwa galimoto zambiri zogwiritsidwapo kale ntchito zomwe zimalowa m'dziko muno zimachokera ku Japan, komwe chiwongolero chimakhala kumanja monga kuno, ndipo Leaf imapezeka pamisika yomweyo.

Mtunda womwe imayenda

Kukula kwa batire la galimoto yamagetsi kumayezedwa mu kWh. Muyezowu si wachilendo kwa aliyense yemwe amagula magetsi olipiriratu kubungwe la ESCOM, popeza yuniti imodzi ya pamita ndiyo kWh imodzi.

Leaf yoyamba inali ndi batire la mayunitsi 24. Cha kumapeto kwa chaka cha 2015 kudabwera batire la mayunitsi 30, mu 2017 kudatuluka Leaf yachiwiri ya mayunitsi 40, ndipo mu 2019 kudabwera ina yotchedwa Leaf e+ ya mayunitsi 62.

Chomwe chimasokoneza ogula ambiri n'chakuti maiko amayeza mtunda m'njira zosiyanasiyana, choncho galimoto imodzi yomweyo imakhala ndi manambala angapo.

Mwachitsanzo, Leaf ya mayunitsi 40 idalembedwa kuti imayenda makilomita 400 pa muyezo wakale wa ku Japan wotchedwa JC08, makilomita 270 pa muyezo wa WLTP womwe umagwira ntchito ku Ulaya, ndi makilomita 243 pa muyezo wa bungwe loona zachilengedwe la EPA ku America.

Muyezo wa JC08 umatengera kayendedwe kapang'onopang'ono ka m'mizinda ya ku Japan, n'chifukwa chake nambala yake imakhala yaikulu. Nambala ya EPA ndiyo imayandikira zomwe madalaivala amakumana nazo pamsewu.

Pa muyezo wa EPA womwewo, Leaf ya mayunitsi 24 ya mu 2011 idapatsidwa makilomita 117, yokonzedwanso ya mu 2014 makilomita 135, ya mayunitsi 30 makilomita 172, pamene ya mayunitsi 62 idafika makilomita 364.

Manambala onsewa ndi a galimoto yatsopano.

Izi zikutanthauza kuti ulendo wochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre kudzera msewu wa M1, womwe ndi wa makilomita oposa 300, sungatheke ndi Leaf ya mayunitsi 40 popanda kuima panjira n'kutchaja. Ya mayunitsi 62 ingayandikire kukwanitsa, koma moto wotsala ungakhale wochepa kwambiri moti kuphonya pang'ono kungachititse kuti munthu agone panjira.

Liwiro ndilo limadya moto kwambiri pa maulendo ataliatali. Mphepo yomwe imakankha galimoto yothamanga makilomita 120 pa ola imakhala yamphamvu kuposa kawiri poyerekeza ndi ya galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola.

Apa galimoto yamagetsi imasiyana ndi ya petulo. Ya petulo imamwa mafuta ambiri mumzinda, pomwe pali kuimaima, pamene yamagetsi imasunga moto mumzinda ndipo imaumaliza msanga pamsewu waukulu.

Zikweza, katundu wolemera, matayala osapopedwa mokwanira komanso makina oziziritsira kapena otenthetsera m'kati mwa galimoto nazo zimafupikitsa mtunda.

Batire limakalamba

Nkhani yaikulu kwa wogula galimoto yakale ndi thanzi la batire. Batire la galimotoyi, monga la foni ya m'manja, limachepa mphamvu yosunga moto m'kupita kwa zaka ngakhale galimotoyo isakuyenda kwambiri.

Leaf imaonetsa thanzi la batire ndi timizere 12 pa dashibodi, ndipo timizereti ndi tosiyana ndi chizindikiro chomwe chimaonetsa moto wotsala pa ulendo. Kamzere koyamba kamazima batire likatsika kufika pa 85 peresenti ya mphamvu yomwe linali nayo lili latsopano, ndipo tina timazima kamodzikamodzi mphamvuyo ikamapitirira kuchepa.

Galimoto yotsala ndi timizere tisanu ndi tinayi imakhala ndi pafupifupi 70 peresenti ya mphamvu yake yoyamba. Choncho Leaf ya mayunitsi 24 yomwe inkayenda makilomita 135 ingayende makilomita 95 okha ikafika pamenepa.

Galimoto yotereyi ingachoke ku Blantyre n'kukafika ku Zomba, ulendo wa makilomita osapitirira 70, koma singabwerere isanatchajidwe.

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Penti yowala, mipando yaukhondo ndi makilomita ochepa pa dashibodi sizinena kanthu za batire, lomwe ndilo chipangizo chodula kwambiri pa galimoto yonse.

Kutentha ndiko kumakalambitsa batire msanga. Mabatire a Leaf yoyamba ndi yachiwiri alibe makina owaziziritsa ndi madzi monga momwe zilili ndi galimoto zina zamagetsi, koma amangozizira okha ndi mpweya wowazungulira.

M'chaka cha 2012 eni galimotozi m'dera lotentha la Arizona ku America adadandaula kuti mabatire awo akutha mphamvu mofulumira. Zitatha izi kampani ya Nissan idakhazikitsa chitsimikizo chakuti idzakonza kapena kusintha batire la mayunitsi 24 lomwe latsika kuchepera timizere tisanu ndi tinayi zisanathe zaka zisanu kapena makilomita pafupifupi 100,000.

Pa mabatire a mayunitsi 30 ndi 40 chitsimikizocho chidafika zaka zisanu ndi zitatu kapena makilomita 160,000. Komabe galimoto zambiri zakale zimagulitsidwa nthawiyi itadutsa kale.

Phunziro la ku Arizona likukhudza kwambiri maboma a Chikwawa ndi Nsanje komanso madera a m'mphepete mwa nyanja, komwe m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumatentha kwambiri, ndipo m'chigwa cha Shire kutenthaku kumatha kupitirira madigiri 40. Galimoto yogwira ntchito m'madera otere iyenera kuimikidwa pamthunzi, ndipo isasiyidwe masiku ambiri batire lili lodzaza kwambiri kapena lili lopanda moto.

Vutoli lidakonzedwa pa Leaf yachitatu yomwe idalengezedwa mu 2025. Galimotoyi ili ndi batire loziziritsidwa ndi madzi, ndipo yamtundu wa mayunitsi 75 imapitirira makilomita 600 pa muyezo wa WLTP.

Katchajidwe kake

Pali njira zitatu zotchajira galimotoyi, ndipo zimasiyana kwambiri pa nthawi yomwe zimatenga.

Njira yoyamba ndi soketi wamba ya m'nyumba. Magetsi a m'nyumba za m'dziko muno ndi a mavoti 230, ndipo chingwe chotchajira pa soketi yotere chimakoka pafupifupi makilowati 2.3. Kudzaza batire la mayunitsi 40 kuchokera pomwe latheratu kumatenga maola pafupifupi 21.

Njira yachiwiri ndi kabokosi kapadera komwe kamaikidwa pakhoma la nyumba kapena la ofesi. Pa Leaf yomwe imalandira makilowati 6.6, batire lomwelo limadzaza m'maola pafupifupi asanu ndi awiri ndi theka. Koma galimoto zina, makamaka zakale, zimalandira makilowati 3.3 okha, ndipo kabokosi kamphamvu sikangazifulumizitse.

Njira yachitatu ndi makina akuluakulu otchaja mofulumira, a makilowati 50, omwe amadzaza batire la mayunitsi 24 kufika pa 80 peresenti m'mphindi pafupifupi 30, ndi la mayunitsi 40 m'nthawi yosapitirira ola limodzi. Moto ukadutsa 80 peresenti, galimoto imachepetsa yokha liwiro lotchajira pofuna kuteteza batire.

Mu 2018 eni Leaf ya mayunitsi 40 ku Ulaya adaona kuti akatchaja mofulumira kangapo pa ulendo umodzi, batire limatentha ndipo kutchaja kwachiwiri kapena kwachitatu kumachedwa. Woyenda ulendo wautali m'nyengo yotentha ayenera kuwerengera zimenezi.

Nkhani ina yofunika ndi ya mapulagi. Leaf yochokera ku Japan imatchajidwa mofulumira ndi pulagi yotchedwa CHAdeMO, pamene makina ambiri atsopano a ku Ulaya ndi ku South Africa ali ndi pulagi ya CCS2, ndipo galimoto zopangidwira msika wa ku China zili ndi ya GB/T. Kupezeka kwa malo otchajira panjira sikukwanira ngati pulagi yake siyilowa pa galimotoyo.

Nacho chingwe chomwe chimabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan chidapangidwira magetsi a mavoti 200 ndi soketi yosiyana ndi ya kuno. Kudula pulagi n'kulumikiza mwachisawawa, kapena kutchajira pa chingwe chachitali chowonjezera, kungayambitse moto chifukwa galimoto imakoka magetsi ambiri kwa maola ambiri osalekeza. Ntchito yoika potchajira iyenera kugwiridwa ndi katswiri wa zamagetsi yemwe ali ndi chilolezo cha bungwe la MERA.

Ngakhale maola 21 akuoneka ochuluka, banja la mumzinda silifunika kudzaza batire lonse tsiku lililonse. Malinga ndi muyezo wa EPA, Leaf ya mayunitsi 40 imadya mayunitsi pafupifupi 19 a pamita pa makilomita 100 aliwonse.

Wogwira ntchito ku Capital Hill yemwe amayenda makilomita 40 patsiku, kuphatikizapo kutula ana kusukulu ndi kudzera kumsika, angafunike mayunitsi pafupifupi asanu ndi atatu, omwe amabwerera m'batire m'maola osapitirira anayi usiku pa soketi wamba.

Pofuna kudziwa phindu lake, munthu awerengetse mtengo wa mayunitsi 19 n'kuuyerekeza ndi mtengo wa malita omwe galimoto yake ya petulo imamwa pa makilomita 100, potsatira mitengo yomwe bungwe la MERA lavomereza pa nthawiyo.

Kuzima kwa magetsi nako n'koyenera kukuganizira. Magetsi ambiri a m'dziko muno amapangidwa ndi kampani ya EGENCO pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana ataononga malo a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lino lidataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo magetsi ankazima maola ambiri mpaka malowa atakonzedwa mu 2023.

Galimoto ya batire lathanzi ingadutse masiku angapo a maulendo afupiafupi osatchaja, pamene ya batire lotopa imafuna magetsi usiku uliwonse.

Mphamvu zake pamsewu

Pa nkhani ya mphamvu, galimotoyi siichepera kwa inzake ya petulo ya kukula kofanana. Mota ya Leaf yoyamba inali ya makilowati 80, ya Leaf ya mayunitsi 40 ndi ya makilowati 110, ndipo ya Leaf e+ ndi ya makilowati 160.

Leaf ya mayunitsi 40 imachoka poima kufika pa liwiro la makilomita 100 pa ola m'masekondi pafupifupi asanu ndi atatu. Mota yamagetsi imapereka mphamvu yake yokoka nthawi yomweyo dalaivala akaponda, ndipo palibe kusintha magiya, zomwe zimathandiza podutsa galimoto ina kapena pokwera phiri.

Potsetsereka, monga pa phiri la Thabwa popita ku Chikwawa, mota imagwira ntchito ngati mabuleki uku ikubwezera moto m'batire. Moto wobwererawu sufanana ndi womwe umatha pokwera, koma umathandiza, ndipo mabuleki enieni amakhalitsa.

Galimotoyi ilibe oyilo wa injini, mapulagi a injini, kilatchi kapena paipi yotulutsira utsi, choncho zofunika kusintha n'zochepa. Matayala, mafuta a mabuleki ndi batire laling'ono la mavoti 12 zimafunikabe chisamaliro monga pa galimoto ina iliyonse.

Batire lalikulu lili pansi pa mipando, ndipo mimba ya galimotoyi ili masentimita pafupifupi 15 okha kuchokera pansi. Idapangidwira misewu ya phula, osati misewu yafumbi yokumbika ya nthawi ya dzinja.

Zingwe zamtundu wa lalanje zomwe zili m'galimotoyi zimanyamula magetsi a mavoti pafupifupi 350, omwe angaphe munthu. Makaniko yemwe sadaphunzire za galimoto zamagetsi sayenera kuzigwira.

Akuluakulu oona zogula katundu m'maunduna ndi m'makhonsolo, komanso mabanja, akuyenera kuyamba alemba makilomita omwe galimoto idzayende patsiku ndi malo omwe idzagone usiku, asanayang'ane mtengo.

Akatero afunse wogulitsa kukula kwa batire, chithunzi chatsopano cha timizere ta thanzi lake, kapena lipoti la pulogalamu ya pafoni yotchedwa LeafSpy yomwe imaonetsa thanzilo m'maperesenti, mtundu wa mapulagi komanso muyezo womwe wagwiritsidwa ntchito potchula mtunda.

Kwa galimoto yotumikira mumzinda, yomwe imabwerera pamalo amodzi madzulo aliwonse, Leaf ya batire lathanzi ingagwire ntchito bwino popanda kukaima pamzere wa mafuta. Koma ofesi yomwe ntchito yake ndi yoyendera maboma akutali ndi madera akumidzi iyenera kutsimikiza kaye za malo otchajira a pulagi yoyenera m'njira zake zonse isanatulutse ndalama za boma.