Woulula katangale si kazitape

Tikuphunzira za miseche m'kalasi ya Fomu 3 teremu yapitayi, mtsikana wina adakweza dzanja nafunsa: "Aphunzitsi, nanga munthu wogwira ntchito m'boma akaona bwana wake akuba, iye n'kukanena, sadadye mnofu wa m'bale wake ameneyo?" Anzake adaseka, ndipo mnyamata wina kumbuyo adati munthu woteroyo ndi kazitape basi. Belu lidalira tisanafike pamutu pa nkhani. Yankho tikuliika muno chifukwa funsoli si la ana okha. Pakati pa makolo athu kuno ku Likuni, ku Mitundu ndi ku Nathenje alipo amene m'mawa uliwonse amakwera minibasi kupita ku Capital Hill kapena ku maofesi ena a boma: makalaliki, madalaivala, amesenjala, anamwino, apolisi, alangizi a zaulimi. Enanso mwa ana athuwa adzakhala pa mipando yomweyo zaka zisanu zikubwerazi.

Mnyamata uja sadalitole pamsewu liwu loti kazitape. Amene tidakula nthawi ya chipani chimodzi, isanafike referendamu ya 1993, tikukumbukira kuti mawu olankhula pamaliro kapena m'basi ankatha kukafika kwa akuluakulu, munthu n'kutengedwa usiku, n'kukhala m'ndende osazengedwa mlandu. N'chifukwa chake mpaka lero Mmalawi amanyansidwa ndi munthu wokanena mnzake. Koma taonani kumene mawu ankalowera. Kazitape ankatenga mawu a munthu wamba n'kukawapereka kwa amphamvu, kuti iye apezepo kenakake. Woulula katangale amatenga zimene amphamvu akubisa n'kukazipereka kwa amene lamulo lidawaika kuti azifufuza, ndipo kawirikawiri wotaya ntchito, tulo ndi abwenzi amakhala iye mwini.

Nanga wogwira ntchito m'boma ayenera kukhulupirika kwa yani? Malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, amene adakhazikitsidwa mu 1994, amayankha m'ndime 12. Mfundo yake ndi yakuti mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu a ku Malawi, ndipo aliyense wogwiritsa ntchito mphamvuzo wangosungitsidwa, sizake. Ife a m'madrasa mfundoyi sitikuimva kachilendo: ndi amana. Amene wasungitsidwa mbuzi sayamba kuitcha yake chifukwa yagona m'khola mwake chaka chonse. Pamenepa mwambi wamakono uja woti mbuzi imadya pomwe aimangirira umagwa, pakuti kalaliki si mbuzi ndipo thumba la boma si msipu. Ndunayo, mlembi wamkuluyo ndi mesenjala onse ndi osunga a mwini mmodzi. Wamng'ono amamvera wamkulu pa ntchito, n'zoona, koma wamkulu akayamba kudya chosungitsidwa, kumubisira sikukhalanso kukhulupirika. Kumakhala kuthandizana naye kubera mwini wake.

Chimene chimachitika anthu akakhala chete tidachiona mu 2013. Akatswiri owerengera ndalama a Baker Tilly adapeza kuti pa miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala chaka chimenecho, ndalama zoposa K13 biliyoni zidatuluka m'boma mwachinyengo, zambiri polipira makampani amene sadagwire ntchito iliyonse. Ndiyo nkhani ija ya Cashgate. Ndalama ya boma situluka ndi dzanja limodzi: wina amalemba pa kompyuta, wina amavomereza, wina amasaina cheke, wina amakachinyamula. Maso amene adaona adali ambiri. Mayiko otithandiza adaimitsa thandizo lawo la bajeti, ndipo ululu wake sudamveke ku Area 43 koma kwa mayi amene adauzidwa pachipatala kuti mankhwala kulibe, akagule yekha.

Pa nkhani yomweyi pali chenjezo lina. Paul Mphwiyo, amene adali mkulu woona za bajeti, atawomberedwa pachipata cha nyumba yake pa 13 Seputembala 2013, poyamba zidamveka kuti wavulazidwa chifukwa cholimbana ndi katangale. Patapita nthawi naye adaimbidwa mlandu wokhudza ndalama zomwezo. Tisamafulumire kuveka munthu chisoti kapena kumuponya miyala nkhani isanafufuzidwe.

Chitsanzo chimene tikufuna kuti ana athu achidziwe bwino ndi cha majaji asanu amene adamva mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha pa 21 Meyi 2019, chija cha tipeksi: Healey Potani, Ivy Kamanga, Dingiswayo Madise, Redson Kapindu ndi Michael Tembo. Ambiri timakumbukira tsiku la chigamulo, pa 3 Febuluwale 2020, pamene tidakhala pa wailesi kuyambira m'mawa mpaka usiku majaji akuwerenga masamba pafupifupi 500, atafika kukhoti ku Lilongwe motetezedwa ndi asilikali. Koma chimene chikukhudza funso la mtsikana uja chidachitika mlandu uli mkati, kutali ndi makamera. Kudabwera munthu wofuna kuwapatsa ndalama kuti chigamulo chipendekere mbali ina.

Apa padali njira zitatu. Akadatha kulandira. Akadathanso kukana mwakachetechete, nkhani n'kuthera pomwepo, manja awo ali oyera, ndipo ambiri a ife tikadati achita bwino. Iwo adasankha yachitatu: adakanena. Nkhani idafika kwa mkulu wa makhoti, Andrew Nyirenda, ndipo iye adakaitula ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB. Mu Januwale 2020 bungweli lidamanga Thomson Mpinganjira, mmodzi mwa anthu a bizinesi odziwika kwambiri m'dziko muno. Pa mlandu wake ena mwa majajiwo adaima okha m'bokosi la mboni n'kufunsidwa mafunso ngati munthu wina aliyense. Mu 2021 khoti lalikulu lidamupeza wolakwa n'kumugamula zaka 9.

Taonani mmene adachitira. Sadathamangire pa Facebook. Sadanong'oneze mnzawo wa chipani ichi kapena icho. Adatsata njira imene lamulo lidaika, adasunga umboni, ndipo adavomera kuti mayina awo adziwike. Kukana chiphuphu kukadateteza majaji asanuwo. Kukanena kudateteza ndi majaji ena amene munthu wina akadawayesa mawa. Ndipo sizidathere m'manja oomba. Mu Juni 2020, kutatsala masiku ochepa kuti chisankho chibwerezedwe pa 23 Juni, boma lidalengeza kuti a Nyirenda apite kutchuthi kudikira kupuma pantchito. Khoti lidaletsa zimenezo, maloya adayenda m'misewu atavala mikanjo yawo, ndipo mkuluyo adakhalabe pampando. Chaka chomwecho majaji asanu aja adalandira mphoto ya Chatham House ya ku London.

Tisanamize ana kuti olimba mtima onse amalandira mphoto. Issa Njauju, mmodzi mwa akuluakulu a ACB, adasowa kumayambiriro kwa Julayi 2015. Thupi lake lidapezeka litakwiriridwa pafupi ndi mtsinje wa Lilongwe, galimoto yake itawotchedwa ku Mtsiriza. Martha Chizuma, amene adatchuka ali Ombudsman pofufuza za mathirakitala ogulidwa ndi ngongole ya ku India, adakhala mkulu wa ACB mu 2021. Mbandakucha wa pa 6 Disembala 2022 apolisi adamutenga kunyumba kwake n'kupita naye ku Namitete, chifukwa cha mawu ake amene wina adawajambula pafoni n'kuwafalitsa. Milanduyo idachotsedwa pambuyo pake. Mwaona kuti nkhani zimene tatchulazi zidachitika pansi pa maboma atatu osiyana. Amene akufuna kuiwerenga nkhaniyi ndi maso a chipani asankhe yekha pomwe ayambire. Ife sitikupeza mtundu wa nsalu umene udatuluka woyera.

Tibwerere tsopano ku miseche. Maulama akale funsoli adalikambirana kalekale. Imam Nawawi, m'buku lake la Riyadh as-Salihin, adatchula malo asanu ndi limodzi amene kunena cholakwa cha munthu iye kulibe kumaloledwa. Awiri mwa malowo ndi awa: kukadandaula kwa woweruza kapena wolamula ukaponderezedwa, ndi kupempha thandizo kwa amene angathe kuletsa choipa. Chimene chimasiyanitsa ndi cholinga komanso khutu limene ukulankhulamo. Kalaliki amene waona makuponi a feteleza akulembedwa mayina a anthu omwe kulibe, akakaifotokoza nkhaniyo pa bawo kumsika wa Mitundu kuti anthu aseke bwana wake, wachita miseche ndipo feteleza sabwerera. Akapita nayo ku ACB, kwa Ombudsman kapena kwa wamkulu wa bwanayo, atalemba tsiku, malo ndi zimene adaona ndi maso ake, wapereka umboni. Surat Nisa imatilamula kuima pa chilungamo popereka umboni ngakhale utakhudza ife eni kapena abale athu, ndipo Surat Hujurat, yomwe imaletsa miseche, ndi yomwenso imatiuza kufufuza nkhani tisanavulaze nayo anthu. Zakumva si umboni. Munthu amene wakwiya chifukwa sadamugawireko si mboni yabwino, ngakhale zimene akunenazo zitakhala zoona.

Nanga lamulo limamuteteza bwanji wokanena? Lamulo lothana ndi katangale la mu 1995, limene lidabala ACB, lili ndi ndime 51A yoteteza oulula: dzina lawo lisatchulidwe, ndipo kuwalanga chifukwa choulula ndi mlandu. Lamulo lomweli limalanganso wopereka bodza mwadala. Kunena zoona, chitetezochi n'chochepa. Bwana wochenjera sachotsa munthu ntchito poyera. Amangomusamutsira kutali, kapena kumuiwala nthawi yokwezedwa ikafika, ndipo muofesi ya anthu anayi sipafunika ula kuti adziwe amene adakanena. N'chifukwa chake sitinyoza kholo limene likuopa. Lili ndi ana a fizi ndi nyumba ya lendi.

Pamenepa ndi pomwe ife otsala timalowa. Chimene chimathyola munthu wotere nthawi zambiri si bwana wake koma kwawo: achibale omufunsa kuti ndalamazo zidali za bambo ake kodi, anzake omuthawa, ngakhale ife a kumzikiti amene timapereka mpando wakutsogolo kwa wopereka zambiri osafunsa kumene zachokera. Ngati m'bale wathu wataya ntchito chifukwa chokana kusaina pepala labodza, fizi ya mwana wake ikhale nkhani ya komiti, osati ya iye yekha.

Ndipo poti ndime 12 ikunena za osungitsidwa, nafenso tili m'gulu lomwelo, ngakhale thumba lathu ndi laling'ono. Tili ndi ndalama za chitukuko cha sukulu, za zomangamanga kumzikiti, za zakaat. Tikupempha akomiti kuti pa msonkhano wa makolo ukubwerawu mabuku a ndalamazi awerengedwe mokweza, malisiti ali patebulo, ndipo kholo lofunsa funso liyankhidwe ndi manambala, lisatchedwe lovuta. A Fomu 3 tawalonjeza kuti tidzapempha malo a ophunzira awiri kuti adzakhale nawo n'kumvera, ndipo mtsikana adafunsa uja walembetsa kale dzina.