Mukufuna malebulo osanyezimira? Yambani mwafunsa za pepala

Ogulitsa chiponde, uchi ndi sopo ambiri masiku ano akufuna malebulo osanyezimira, aja osindikiza amati matte. Amaoneka apamwamba, ndipo tsiku lothera ntchito mutha kulembapo ndi cholembera wamba. Ambiri amaganiza kuti chinsinsi chake ndi inki, koma gawo lalikulu ndi pepala.

Makina a offset amatenga inki pa puleti yachitsulo n'kuiika pa labala, labalayo n'kuidinda papepala. Inkiyi ndi yamafuta. Pepala wamba ngati bond ya 80gsm limaimwa, motero siinyezimira, koma mitundu imazilala. Chofiira chanu chija chimatuwa.

Pepala lokutidwa la matte silimwa inki kwambiri. Inki imakhala pamwamba, ndipo pomwe yachuluka, monga pakuda bii, imawala kuposa pepalalo. Vuto lina n'lakuti imafufutika msanga mapepala akamakhulana, makamaka akadulidwa inki isanaume. Musawathamangitse osindikiza, kuuma bwino kumatenga tsiku kapena kuposerapo.

Auzeni apake vanishi wa matte pamwamba, kapena amatepo laminesheni ya matte. A chiponde, sankhani laminesheni ngakhale ikukwererapo mtengo, chifukwa mafuta akadontha pa pepala losatetezedwa amasiya banga lomwe kasitomala amaliona asanawerenge dzina lanu.

Ntchito ya mitundu yonse imafuna mapuleti 4, ndipo mumawalipira ngakhale malebulo akhale ochepa. Ngati mukufuna 200 okha, funsani mtengo wa digital. Musanapereke dipoziti, onani chitsanzo chosindikizidwa pa pepala lomwelo.