Mwana akakhoza MSCE, tisamusiye panjira

Bungwe la Maneb likangotulutsa zotsatira za MSCE, pa WhatsApp ndi Facebook pamadzaza zithunzi ndi mawu oyamikira. Koma pakapita miyezi ingapo, ena mwa okhoza bwino aja mumawapeza akupalasa kabaza kapena akugulitsa mandasi pa siteji. Nzeru ali nazo, chinangosowa ndi munthu wowagwira dzanja.

Kunena zoona, midzi yathu ikuyesetsa kuti ana afike Fomu 4. M'sukulu zambiri muli magulu a amayi a Mother Group omwe amasoka mapadi ochapa komanso kuyendera atsikana amene asiya sukulu. Amawakumbutsa kuti kuyambira 1993 boma limalola mtsikana amene wabereka kubwerera m'kalasi. Ku Dedza, malemu Inkosi Theresa Kachindamoto anatchuka pothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anakweza zaka zokwatira kufika pa 18.

Pa ma CDSS ena, makolo amaumba njerwa ndi kututa mchenga kuti pamangidwe hositelo. Cholinga n'choti atsikana asiye selofu, kukhala okha m'tinyumba talendi pa tauni, komwe njala ikawapana abambo andalama sachedwa kufika. Nalo bungwe la Camfed, lomwe linayamba ntchito m'dziko muno mu 2009, limathandiza atsikana ovutika, ndipo omwe anathandizidwawo amadzathandizanso anzawo.

Vuto n'loti thandizo lambiri limathera pa mayeso omaliza. Chonsecho kuchoka pa MSCE kukafika ku Unima, Mzuni, Luanar, Must, Mubas kapena Kuhes pali zigwa zingapo. Pamafunika ma credit 6 kuphatikizapo Chingerezi, kudzaza fomu ya NCHE nthawi isanathe, ndalama yolembetsera, kenako kufunsira ngongole ku bungwe la HESLGB. Mwana wopanda foni yamakono, yemwe kwawo palibe anaponda ku yunivesite, zonsezi azimva kwa ndani? Wina amasankha maphunziro osagwirizana ndi mapointi ake, wina amamva za fomu tsiku litadutsa. Ena amasankhidwa ndithu koma thiransipoti, lendi ndi chakudya zimawabweza.

William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anasiya sekondale chifukwa cha fizi nthawi ya njala ya 2001 mpaka 2002. Kalaibulale ka kwawo ndi komwe kanamupatsa buku lomwe linamuthandiza kupanga magetsi a mphepo, ndipo anthu atamuona n'kumugwira dzanja, anamaliza maphunziro ku Dartmouth College mu 2014. Ndi angati onga iye amene palibe anawaona?

Apa ndiye pofunika ife a mafoni. Gulu la pa WhatsApp la omwe munaphunzira limodzi lisamangosonkha pa maliro ndi zikwati. Sankhani ana awiri pa sukulu yanu yakale, muwalipirire fomu. Mukapita kumudzi pa holide, khalani nawo pansi, muwafotokozere za selekishoni, za ngongole, komanso za makoleji a ntchito zamanja a Teveta, auphunzitsi ndi aunamwino. Banki m'khonde nayo itha kupatula kathumba ka thiransipoti ya mwana amene wasankhidwa.

Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Bandulo ya mlungu umodzi ndi ola limodzi la nthawi yanu zitha kufikitsa mwana wa kwanu pa geti la koleji.