Mphamvu ya Kaundula wa mu Kompyuta m'Minda ya Fodya ya Kasungu

Boma lililonse ndi kampani iliyonse yaikulu zimalamulira anthu amene sizinawaonepo ndi maso. Zimatero kudzera mu kaundula: dzina la munthu, kumene amakhala, chimene ali nacho, chimene ayenera kulandira kapena kulipira. Masiku ano kaundulayu sasungidwanso m'mabuku a kalaliki koma m'makompyuta, ndipo zolembedwa zoterezi ndizo zikutchedwa deta. Ambiri amaiyesa nkhani ya m'tauni, ya anthu a m'maofesi a ku Capital Hill, chonsecho kulemera kwake kumamveka kwambiri kumudzi. Dera la kumadzulo kwa Kasungu, kuchokera m'minda ya fodya mpaka ku damu la Lifupa mkati mwa nkhalango yosungirako nyama zakutchire, likuonetsa zimenezi poyera. Kumeneko mlimi ali ndi nambala, belo la fodya lili ndi nambala, ndipo ngakhale njovu zina zili ndi nambala yake pa kompyuta ya munthu wina.

Kulemba anthu sikunayambe ndi kompyuta. Atsamunda ankawerenga nyumba kuti atolere msonkho, ndipo mu 1926 anakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board limene linkalembetsa alimi a fodya a m'midzi n'kumawauza kogulitsa. Nthawi ya Dr Hastings Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu komweko, munthu wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pakhomo la msika kapena la basi. Lamulo la Special Crops Act linasiya fodya wa bale ndi wa kampopi m'manja mwa eni maesiteti okhala ndi layisensi, ndipo mlimi wamng'ono anayamba kuloledwa kulima bale m'zaka za m'ma 1990. Amene dzina lake linali pa layisensi analemera, amene silinalipo anakakhala tenanti. Komabe wosunga kaundula wa nthawi imeneyo anali munthu wodziwika nkhope, woti n'kumudandaulira, kumukalipira kapena kum'pititsira nkhuku madzulo. Kaundula wa lero alibe khomo loti munthu akagogodepo.

Maziko ake anaikidwa mu 2017, pamene bungwe la National Registration Bureau, mothandizidwa ndi UNDP, linalemba Amalawi oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo, kuwajambula nkhope ndi kutenga zidindo za zala zawo. Aka kanali koyamba kuti dziko likhale ndi chiphaso cha unzika cha aliyense. Chaka chotsatira, bungwe la MACRA linalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Mabanki nawo anayamba kufuna chiphaso chomwecho. Ndiye kuti akaunti ya kubanki, nambala ya foni ndi ndalama za pa Airtel Money kapena TNM Mpamba zinamangidwa pa nambala imodzi, ndipo wotaya chiphaso amataya zambiri kuposa kakhadi kapulasitiki.

Anthu akumudzi anaidziwa bwino mphamvu ya chiphasochi pa nkhani ya feteleza. Ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo ya FISP, imene inayamba mu 2005 nthawi ya Bingu wa Mutharika, inkayendera makuponi apepala, ndipo mavuto ake anali odziwika: makuponi achinyengo, midzi yopeka, mafumu ena kuyamba kulemba abale awo. Mu 2020 boma la Lazarus Chakwera linabweretsa ndondomeko ina ya AIP, makuponi n'kutha. Mlimi ankangopita ku depoti ndi chiphaso chake, wogulitsa n'kuchiwerenga ndi foni, dzina likatuluka n'kugula thumba la makilogalamu 50 pa K4,495. Kunena zoona, mayina ambiri opeka anafa ndi njira imeneyi, ndipo zimenezo sizoyenera kuzichepetsa.

Koma panabadwa mavuto amtundu wina. Pa madepoti ambiri amayi ankagona panja atafunda zitenje, matumba a feteleza ali mbwee m'nyumba yosungiramo, wogulitsa akukweza foni m'mwamba kufunafuna netiweki. Mayankho anali atatu odziwika: netiweki palibe, dzina silikuoneka, kapena makina akuonetsa kuti mwagula kale. Pa mayankho onsewa palibe limene mlimi akanatsutsa, chifukwa wogulitsayo naye sankadziwa chimene chinali kuseri kwa foniyo. Mavenda sanachedwe kuzindikira kuti chiphaso chasanduka katundu, ndipo anayamba kusonkhanitsa ziphaso za anthu osauka powapatsa kangachepe kuti akaombole feteleza m'dzina lawo. Chiwerengero cha opindula chitatsika kuchoka pa mabanja pafupifupi 3.7 miliyoni kufika pa 2.5 miliyoni mu 2022, kenako 1.5 miliyoni mu 2023, mayina ankachotsedwa kutali ndi mudzi, koma mkwiyo wa otsalira unkagwera mfumu ndi mlangizi amene anthu amawaona tsiku ndi tsiku. Mphamvu inasamukira ku Lilongwe, milandu inatsala kumudzi.

Ku fodya ndiko kaundula amagwira molimba kuposa kwina kulikonse. Palibe amene angalime fodya wogulitsa osalembetsa ku Tobacco Commission, bungwe limene pansi pa lamulo la Tobacco Industry Act limapereka layisensi ndi kuika mlingo wa makilogalamu amene mlimi kapena kalabu ingagulitse. Belo lililonse lopita kumsika wa Chinkhoma ku Kasungu, kapena ku Kanengo ku Lilongwe, limanyamula tikiti ya nambala ya mwini wake. Kuyambira mu 2012, pamene boma linavomereza ulimi wa kontirakiti, fodya wambiri sagulitsidwanso pa okushoni wopikisana. Mlimi amasainirana ndi kampani imodzi, monga Limbe Leaf, Alliance One kapena JTI, nthawi zambiri amatenga mbewu, feteleza ndi mankhwala pa ngongole, ndipo kampani yomweyo ndiyo imagula n'kudula ngongoleyo ndalama zisanafike ku akaunti yake.

Pamodzi ndi kontirakiti pamabwera mlangizi wa kampani pa njinga yamoto, foni kapena tabuleti ili m'manja. Amazungulira m'mphepete mwa munda kuti makina ayeze kukula kwake, amawerenga zigafa ndi mitengo yobzalidwa, amalemba mankhwala othiridwa, amafunsa ngati ana a pakhomopo ali pasukulu. Zonsezi zimakasonkhana pamodzi ndi za alimi ena zikwizikwi. Msika usanatsegulidwe, wogula amakhala akudziwa kale fodya amene akubwera kuchokera m'dera lonse, amene ali ndi ngongole yaikulu, ndi amene sanabweze bwino chaka chatha. Mlimi amangodziwa munda wake ndi wa mnansi wake. Pokambirana za mtengo kapena za giredi ya belo, anthu awiriwa sakhala pa mlingo umodzi, ndipo mlimi amene mbiri yake yadetsedwa mu kompyuta ya kampani akhoza kusowa kontirakiti chaka chamawa osauzidwa chifukwa.

Makampaniwo nawo ali ndi owakakamiza. Pa 1 Novembala 2019, dziko la United States linalamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa pa madoko ake chifukwa cha malipoti a ntchito yokakamiza ndi yogwiritsa ana. Kampani yofuna kumasulidwa inayenera kupereka umboni wa kumene fodya wake amachokera ndi mmene amalimidwira. Alliance One inamasulidwa mu Juni 2020, Limbe Leaf mu Ogasiti chaka chomwecho. Phunziro kwa ogula linali lakuti fodya wopanda mbiri yolembedwa alibe msika kunja. Izi zinathandiza kuti nkhani ya ana m'minda itengedwe mozama, komanso zinakankhira kumbali mlimi woima payekha amene alibe kampani yomulembera mbiri.

Pali gulu limene kwa zaka zambiri silinkaoneka konse mu kaundula: matenanti. Banja lochokera ku Mulanje kapena ku Phalombe linkalima, kuthyola, kusoka ndi kusankha fodya chaka chonse, koma belo linkapita kumsika m'dzina la mwini esiteti. Kufunika kwa nkhaniyi kunaonekera ku London. Mu 2020 matenanti ndi ana awo oposa 7,000 ochokera ku Malawi, kudzera mwa maloya a Leigh Day, anasumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial ku khoti lalikulu la kumeneko. Makampaniwo anapempha kuti mlandu uthetsedwe usanayambe, ponena kuti odandaulawo analibe zikalata zosonyeza kuti fodya wawo ndi amene anafika ku mafakitale awo. Odandaula anayankha kuti zolemba zotsata belo kuchoka m'munda zili m'manja mwa ogula, osati mwa tenanti. Mu Juni 2021 woweruza anakana kuthetsa mlanduwo. Chaka chomwecho Malawi inasintha lamulo la ntchito n'kuletsa utenanti, ngakhale kuletsa pa pepala sikusintha msanga za m'minda. Nkhaniyi ikuonetsa kuti umboni wa thukuta la munthu ukhoza kukhalapo, wolembedwa bwino lomwe, koma iye mwini osaloledwa kuuona.

Ku Lifupa kwenikweni nkhaniyi imakhudza nyama. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku nkhalango ya Kasungu, ntchito imene inagwiridwa ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire pamodzi ndi mabungwe a African Parks ndi IFAW. Njovu zina zinavekedwa makolala otumiza uthenga wa pamene zili, kotero oyang'anira nkhalango amatha kuona kayendedwe kake pa kompyuta. Uthengawu subalalitsidwa, ndipo chifukwa chake n'chomveka, popeza ukafika kwa opha njovu ungakhale mapu owalondolera. Koma mlimi wa m'malire mwa nkhalango, kumene mpanda sunafike, nthawi zambiri amadziwa kuti njovu zabwera akamva mapesi akuthyoka usiku. Anthu afa ndipo minda yaonongeka kumbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe. Mkangano umene unatsatira unali wa manambala: afa angati, minda ingati, ndani ali ndi udindo wowerenga. Anthu ena odzipereka m'midzi ya mbali zonse ziwiri anayamba kudzilembera okha zochitikazo ndi kujambula ndi mafoni, ndipo zolemba zimenezo ndizo zinachititsa kuti madandaulo awo amveke kunja kwa dera.

Apa mpamene pakuonekera kuti luso lomweli limathanso kuluma akuluakulu. Pa chisankho cha mu Meyi 2019, mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex anajambulidwa n'kuzungulira pa WhatsApp, ndipo oimira zipani anasunga makope awo. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linathetsa chisankho cha pulezidenti, china n'kuchitika pa 23 Juni. N'chifukwa chake chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chisanafike, phokoso lalikulu linali pa kalembera: ovota anayenera kukhala olembedwa mu kaundula wa unzika, ndipo zipani zotsutsa zinakayikira makina a kampani ya Smartmatic amene bungwe loyendetsa zisankho la MEC linagula. Andale amadziwa kuti chisankho chimayambira pa mndandanda wa mayina.

Foni yomwe imathandiza kuulula zobisika ndiyo imaululanso mwini wake. Popeza nambala iliyonse ili ndi dzina, wolemba mawu pa gulu la WhatsApp kapena pa Facebook savuta kumupeza, ndipo anthu angapo, kuphatikizapo atolankhani, amangidwapo pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016 chifukwa cha zimene analemba kapena kutumiza zokhudza atsogoleri. Ndiponso si onse ali ndi mwayi wolankhulawo. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti nyumba zolumikizidwa ku magetsi zinali pafupifupi 11 pa 100 zilizonse, ndipo kumidzi ya fodya foni imatchajidwa pa sola ya pagolosale, nthawi zambiri ili m'thumba la bambo osati la mayi amene amagwira ntchito yaikulu m'munda.

Boma nalo silili pamwamba pa zonse. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti alandidwa ndi akuba a pa intaneti amene ankafuna dipo, ndipo kwa milungu ingapo achinyamata ofuna kupita ku Joni kukasaka maganyu anangokhala akudikira. Makina ambiri amene boma limadalira amapangidwa ndi kusamalidwa ndi makampani akunja, pomwe mauthenga a pa WhatsApp ndi Facebook amadutsa m'manja mwa kampani ya Meta ya ku America, imene palibe Mmalawi anaisankha.

Malamulo oteteza munthu wolembedwa alipo tsopano. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Lamulo la Data Protection Act la mu 2024 limapatsa munthu ufulu wodziwa zimene bungwe likusunga za iye, wopempha kuti zolakwika zikonzedwe, ndiponso limafuna kuti wosonkhanitsa deta anene cholinga chake. Udindo woonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa unaperekedwa kwa MACRA, bungwe lomwe lija loyang'anira makampani a mafoni ndi kalembera wa manambala, ndipo ena akuona kuti ntchito ziwirizi sizikuyenera kukhala m'nyumba imodzi. Kwa mlimi wa kufupi ndi Lifupa, kugwiritsa ntchito ufulu umenewu kumafuna kudziwa kuti ulipo, kulemba kalata, ndi ndalama ya thiransipoti yokafika ku boma la Kasungu kapena ku Lilongwe. Makalabu a alimi ndi mabungwe monga TAMA ndi NASFAM ndiwo ali ndi kuthekera kofunsa m'malo mwa mamembala awo kuti kampani ionetse zimene inalemba za munda, za ngongole ndi za giredi ya belo lililonse.